Ndinkafuna mphamvu za msangamsanga, ndinakathera kuchipatala

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Amene anakhalapo pamakina amadziwa kutopa kwa ntchito yathuyi: msana wopindika tsiku lonse, khosi louma, maso ali pasingano. M'nyengo ya maukwati maoda anandichulukira, moti ndinkagona pakati pa usiku n'kudzuka tambala woyamba. Ikamakwana 2 koloko masana, nsima ili m'mimba, ndinkasinza phazi lili pachopondera.

Mayi wina amene ndimawasokera, yemwe anakaphunzira ku India, atandipeza ndikuwodzera anandiuza za yoga. Anati ndi luso lakalekale la kumeneko, lophatikiza kudziwongola, kupuma mwadongosolo ndi kukhazika mtima pansi. "Koma atelala, muyambe pang'onopang'ono, ndipo mundifunse kaye," anatero. Mawu otsirizawo ndinawasiya pakhonde pomwepo. Madzulo ndinagula bandulo n'kulowa pa YouTube.

Kumeneko ndinapeza Surya Namaskar, mndandanda wa kaimidwe 12 komwe munthu amawerama, kugwira pansi, kutukula chifuwa n'kuimiriranso. Ndinapezanso kapalabhati, kapumidwe kotulutsa mpweya m'mphuno mwamphamvu ndi mofulumira, mimba ikulowa ndi kutuluka. Wophunzitsayo anali chikhalire pansi, akubwereza kunena kuti woyamba kumene achite pang'ono n'kupumula. Ine ndinaganiza kuti ndikachulukitsa, mphamvu nazonso zichuluka.

M'bandakucha wina mu Okutobala, kunja kutatentha kale, ndinatuluka kuseri kwa nyumba. Usiku umenewo tulo ndinangolawa, ndipo ngakhale madzi ndinali ndisanamwe. Ndinayamba kapalabhati chiimirire, osalekeza. Zala zinayamba dzanzi, milomo ikunyerenyesa, ine n'kumati ndiye mphamvuzo zikulowa. Kenaka ndinawerama mpaka manja kugunda pansi, ndikuti ndiweramuke mwachangu, mdima bii! Ndinagwa, mphumi n'kumenya mwala wochapira.

Ndinatsitsimuka ndi kulira kwa mayi akunyumba. "Bambo, tadzukani! Anthuni, tithandizeni!" Aneba anali atadzaza pabwalo, wina akundithira madzi, wina akuti ndi BP, agogo ena akupemphera mokweza. Nkhope ya mwana wanga wamng'ono, ataima pakhomo akunjenjemera, imandipwetekabe mtima mpaka lero. Anaganiza kuti bambo ake apita.

Kuchipatala anandisoka bala la pamphumi, anandiyeza BP, shuga ndi malungo, osapeza kanthu. Nditafotokoza zomwe ndinkachita, adokotala anandimasulira bwinobwino. Munthu akapuma mofulumira kwa nthawi yaitali, mpweya wa carbon dioxide umachepa kwambiri m'magazi, ndipo mitsempha yopita ku ubongo imafinyika. Dzanzi lija linali chenjezo. Kuweramuka mwadzidzidzi kunachepetsanso magazi ofika kumutu, thupi lili lopanda madzi. Kenaka anandifunsa kuti ndimagona maola angati. Nditayankha, anati munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7, ndipo palibe masewera amene angalowe m'malo mwa tulo.

Masiku amene ndinakhala panyumba, madiresi a operekeza akwati anachedwa, makasitomala ena anakasoketsa kwina. Safunsa anadya phula. Mayi ophunzira ku India aja atamva, anabwera kudzandizonda ndipo sanandikalipire. Anandiuza za B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wotchuka wa yoga wa mumzinda wa Pune. Ali mwana anadwala malungo, TB ndi typhoid, ndipo thupi lake linalimba m'zaka zambiri za kuphunzira. Pofuna kuti ofooka ndi okalamba asavulale, ankawaphunzitsa mothandizidwa ndi malamba, mabulangete ndi timatabwa. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95.

Mayiwo ndi amene anandiyambitsanso. Tsopano m'mawa ndimamwa madzi, n'kudziwongola modekha pamkeka, kenaka ndimagona chagada kwa kanthawi, zomwe amati shavasana. Masana ndimachoka pamakina, ndimatambasula mapewa ndi msana, n'kupuma mozama nditakhala pansi. Usiku makina ndimatseka msanga. Mphamvu zimene ndinkazisakasaka zija zabwera mwa njira yake: msana ukasiya kuwawa ndimagona bwino, ndikagona bwino masana sindisinza, ndipo mzere wa ulusi umayenda mowongoka.

Anzanga a pamakina, oyendetsa minibasi, amayi okhala pabenchi mumsika tsiku lonse, yoga ikhoza kukuthandizani ndithu. Koma pezani wodziwa akuonetseni. Kapumidwe kofulumira musakachite chiimirire, ndipo ngati muli ndi BP, matenda a mtima kapena ndinu oyembekezera, kalekeni mpaka mutafunsa achipatala. Mukamva chizungulire, khalani pansi nthawi yomweyo. Ndipo kutopa kukapitirira, pitani akakuyezeni magazi, chifukwa mwina ndi matenda ofunika mankhwala.