Kompyuta Yati Tiwina

Tafika ku Selous, pamsewu wa Harare ndi Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu, kumene zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland zikulimabe fodya m'mafamu. Pa komboni ina kalaliki amene amalemba mabelo mu Excel watsegula tsamba lina la mpira: zigoli, mapointi, makona, ovulala, zonse m'timabokosi. Aliyense wofuna kubetcha amayamba wadzera pa laputopu yake.

Woyamba kufika anali mlonda. Kalaliki anati, "Achimwene, masamu akuti masewero a Loweruka zigoli zipitirira 2.5, betchani pamenepo." Mlonda anaponya dola yake, nakaonera mpira pa grosale. Unatha 1-1. Iye osadandaula, anakwera kombi kupita ku Chegutu, nakaponya tikiti pakauntala: "Zigoli ziwiri mwaziona nonse. Mpira wamenya chitsulo kawiri, theka ndi theka. Zonse zitatu. Werengani ndalama zanga."

Tsiku lina kalaliki ankafotokozera anyamata za handicap. "Timu yamphamvu mumaiika pa -1. Imalowa m'bwalo ili kale ndi ngongole ya chigoli chimodzi, ndiye kuti muwine iyenera kupambana ndi ziwiri." Mayi wogulitsa matemba anali chapafupi, khutu lili tcheru. Anatsegula kabuku kake, nanyowetsa chala ndi malovu: "Ndiye inu alamu, mwezi uno mwalowa m'bwalo muli pa -14."

Dalaivala wa thalakitala anaonetsedwa mzere wa Ngezi Platinum Stars, akatswiri a ligi ya 2023, oyandikana nafe omwewa a ku Baobab Stadium. Kalaliki anati, "Onani apa. Dziko lonse lapansi timu imapambana kwambiri ikakhala pakhomo kusiyana ndi koyenda." Dalaivala anayang'ana laputopu, anayang'ana kunyumba kwake kumene akazi ake ankapukusa chipande kumuitana, napumira m'mwamba: "Achimwene, kompyuta yanuyi sinakwatire."

Mlonda uja ataphunzira avareji, nkhani zake zinasintha. M'mawa wina kapitawo anamupeza ali mkonono pageti. "Iwe, wagona usiku wonse?" Iye anati, "Usiku ndinagona, koma dzulo masana onse ndinali maso. Pa avareji famu ndailonda bwino." Kapitawo anakuwa: "Nanga pampu ya kudamu ili kuti?" Mlonda anawerenga zala: "Dzulo inalipo, lero palibe. Pa avareji, akapitawo, tili ndi theka la pampu."

Mu Januwale 2022, pa AFCON ya ku Cameroon, Malawi inakumana ndi Zimbabwe. Mdzukulu wobadwira konkuno anakhala usiku wonse ndi kalaliki, masamu nkuti Warriors a Zimbabwe. Agogo ake, ochokera ku Dedza, anamasula pansonga ya mpango nabetchera Flames. Gabadinho Mhango anamwetsa ziwiri, 2-1, agogo nkuvina mpaka chipewa kugwa. Mdzukulu anafunsa, "Agogo, mwagwiritsa masamu anji?" Iwo anati, "Masamu a pachitupa, mdzukulu wanga. Zaka zonse zija anandilemba kuti ndine mlendo. Mlendo amabetchera kwawo."

Mnyamata wa m'chigafa anamva kuti mu 2016 Leicester City inatenga ligi ya ku England pomwe obetchetsa anaipatsa 5000 kwa 1. "Ndiye kuti dola imodzi inabala madola 5,000?" Kalaliki anavomera. Mnyamatayo anasiya fodya pa tebulo, anabwereka njinga, thukuta kamukamu mpaka pashopu yobetchera. "Asisi, nayi dola. Leicester kutenga ligi." Mtsikana wa pakauntala anafunsa, "Ya chaka chino?" Iye anati, "Mukundiona ngati wopusa? Ya 2016 ija."

Pa World Cup ya ku Qatar mu 2022 kalaliki anasonkhanitsa komboni yonse. Argentina inali itasewera masewero 36 osagonja, Messi ali momwemo, timabokosi tonse tobiriwira. "Iyi ndi ndalama yongotola," anatero. Anthu anabetcha ya sopo, ya chigayo, wina mpaka ya fetereza. Saudi Arabia 2, Argentina 1. Madzulo khamu linafika pakhomo pake, ena atanyamula mipini. Iye anatulukira pawindo: "Abale anga, masamu anali olondola. Vuto ndi lakuti a Saudi Arabia sitinawatumizire."

Kenako kunabwera xG, masamu owerenga zigoli zimene timu imayenera kugoletsa malinga ndi mipata imene yapeza. Malume wina timu yake inagonja 1-0, koma kalaliki anamutonthoza kuti pa xG inawina ndi zitatu. Malume anawongola kolala, ulendo ku tuckshop. "Mphwanga, shuga makilo awiri. Ndilipira ndi ndalama zimene ndimayenera kuwina." Mnyamata wa m'shopu anatenga jumbo yopanda kanthu, anaimanga bwinobwino, napereka ndi manja awiri: "Nayu shuga amene mumayenera kugula, amalume."

Sing'anga wa pakomboni, amene kale ankalosera mpira ndi nsupa, anaona makasitomala akutha. Usiku anagogoda kwa kalaliki. "Mwanawe, tandiuza zoona, palibe akumva. Pa masewero khumi, makina akowa amalondola angati?" Kalaliki ananong'ona, "Anayi, agogo. Zikayenda bwino, asanu." Sing'anga anaseka mpaka kutsokomola: "Yangayi imalondolanso asanu, ndipo magetsi akazima sifuna chaja."

Mu Januwale 2025 boma linayamba kudula msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zimene munthu wawina pobetcha. Pamowa anthu anali kudandaula, koma bambo wina wowotcha fodya m'mabalani ankangomwetulira. "Inu mukusekerera chiyani?" Iye anatulutsa mtolo wa matikiti omanga ndi mphira, nauwomba patebulo: "Chaka chathunthu sindinawinepo ngakhale kamodzi. Boma silinandidyepo senti. Wochenjera ndani pamenepa?"

Mnyamata wina analumikiza matimu 20 pa tikiti imodzi ya dola, kalaliki nkuchulukitsa ma odds onse. Nambala inatuluka yaitali mpaka kabokosi kanangodzaza timipanda. Atakakulitsa, anthu anagwira pakamwa. Anaitana agogo a ku Dedza aja kuti adzaone chuma cha mdzukulu wa mnzawo. Agogo anavala magalasi, anawerenga maziro mmodzimmodzi, nabweza laputopu: "Ochepa awa. Ine mu 2009 ndinali ndi 100 trillion m'thumba, ndipo ku Chegutu ndinabwerako wapansi."

Mayi wina anatopa nazo, anapita yekha kwa kalaliki. "Alamu, amuna anga akuti makina anuwa amadziwa zam'tsogolo." Kalaliki anadzikonza: "Amayerekeza, alamu, potengera zimene zakhala zikuchitika m'mbuyomu." Mayiyo anakoka mpando: "Chabwino. Lembani: Januwale malipiro sanafike kunyumba, Febuluwale sanafike, Malichi sanafike. Andiuze ngati a Epulo afike." Kalaliki sanayatse n'komwe laputopu: "Apa, alamu, betchani nyumba yonse."

Kumapeto kwa nyengo kalaliki anawonkhetsa zonse. Zowina zinali zobiriwira, zoluza zofiira, ndipo pafupifupi tsamba lonse linali psuu. Anagwira mutu, natuluka kukapuma mphepo, laputopu nkuisiyira mwana wa mlongo wake wa Form 2. Pobwera anapeza tsamba lafupika, latsala mizere itatu yokha, yonse yobiriwira. Mwanayo anali kumwetulira: "Amalume, musadandaule. Zofiira zonse ndafufuta. Tsopano tili pa phindu, tikagule njinga."