Nthenda ya Nkhani ku Salima: Zizindikiro ndi Mankhwala Ake

Nthenda ya nkhani imagwira munthu amene amadya za pa wailesi ndi pa foni kuposa nsima. M'boma la Salima imapezeka kwambiri pa Kamuzu Road, ku Senga Bay ndi ku Chipoka, makamaka pomwe pali bawo, mthunzi wa mango ndi netiweki. Imakonda abambo omwe denga la nyumba yawo likudontha koma ali ndi malangizo okhwima opita kwa mtsogoleri wa dziko la America. Mlembi wa danga lino ali m'kaundula wa odwala, ndipo dokotala wa kunyumba kwake, yemwe ndi mayi a ana, adamuika m'gulu la okanika.

Kale nthendayi inali yosowa. Nkhani zinkabwera pa MBC pa nthawi yake, munthu n'kumva, n'kuzimitsa wailesi posunga mabatire. Idasanduka mliri chitatha chisankho cha 2019. Pomwe khoti limafafaniza zotsatira pa 3 Febuluwale 2020, n'kuti anthu omwe sadapondepo pakhomo la khoti atasanduka maloya, akutanthauzira malamulo uku akuyanika usipa. Mu Febuluwale 2022 dziko la Russia lidathira nkhondo Ukraine, feteleza adakwera mtengo, maloya aja adasanduka akuluakulu a asilikali. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense adakhala katswiri wa zachuma, ngakhale uja ali ndi ngongole ya sopo pa okala.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Wodwala akadzuka amapatsa moni foni asanapatse moni mkazi wake. Ndalama ya ndiwo amagula bandulo. Mawu ake oyamba akakumana ndi mnzake ndi akuti "Mwamva?" ndipo omaliza ndi akuti "Dziko latha ili." Amadziwa mayina a nduna zonse, zochotsedwa ndi zotsala, koma akafunsidwa kalasi yomwe mwana wake ali amayang'ana kumwamba. Usiku sagona, amakhala akukonza boma. Kukacha boma limakhala lili chomwecho, iye mutu ukuwawa, mbuzi zitagona panja.

Chomwe chimakulitsa nthendayi n'chakuti nkhanizo si zabodza zonse. Mafuta akasowa, injini ya boti imaima, nsomba imakwera mtengo. Nkhawa ya wodwala ili ndi maziko. Vuto ndi komwe amaitaya: amaithira yonse pa gulu la WhatsApp, komwe sikudamerepo chimanga.

Mankhwala oyamba adapezeka konkuno. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo kuti nsomba ziswane. Mwambowu udayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Mutu wa munthu ukufunika lamulo lomwelo: utsekedwe nthawi zina kuti nzeru ziswane. Nkhani za m'mawa ndi zamadzulo n'zokwanira. Nduna ikachotsedwa masana, madzulo imapezeka idakali yochotsedwa.

Mankhwala achiwiri ndi ntchito ya manja, ndipo mlingo wake ndi wosavuta: nkhani iliyonse yoopsa iyankhidwe ndi ntchito imodzi yooneka ndi maso. Wodandaula za mtengo wa feteleza asakanize ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono, amange m'thumba kwa masabata atatu, apeze manyowa a Mbeya. Wolira kugwa kwa kwacha alowe banki m'khonde, ndipo azibweza. Wokwiya ndi kuchepa kwa chambo achotse neti ya udzudzu m'nyanja, aibwezere kuchipinda komwe udzudzu ukuidikira. Woopa kusintha kwa nyengo abzale mtengo, kenako autchingire, chifukwa mbuzi za ku Salima sizidziwa kuti kudali msonkhano wa zanyengo. Wotukwana andale pa bawo apite ku msonkhano wa komiti ya pasukulu kapena ya padoko, akafunse za ndalama pamaso pa eni ake, ndipo tsiku lovota akafole.

Mankhwalawa ali ndi zowawa zake. Msana umapweteka, m'manja mumatuluka matuza, anzake a pa bawo amamunena kuti wagulidwa. Ena amayambiranso kudwala kukangomveka mphekesera yakuti nduna zisinthidwa. Otere asanyozedwe, angopatsidwa khasu mwaulemu.

Nthendayi siitheratu, imangochepa mphamvu. Palibe wodwala wa ku Salima amene adathetsapo nkhondo ya kunja ndi chala cha pa foni, koma ofolera denga mvula isanagwe amagona pouma. Odwala onse, kuphatikizapo mlembi, akupemphedwa kuyamba kumwa mankhwala lero, akangomaliza kuwerenga nyuzipepala ino.