Ndinali Nkhoswe pa Ukwati wa Piyano ndi Kompyuta

Mphwanga amene amapanga nyimbo pa pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio anandiuza kuti masiku ano woimba piyano yokhayokha ndi wotsalira. Ine ndimadziwa makodi atatu a nyimbo za kwaya, choncho ndinadziona kuti ndakwana kukhala nkhoswe pa ukwati wa piyano ndi makina.

Piyano yake ndi ya kutchalitchi kwathu, yamakiyi 88 mukawerenga ndi maso. Mukawerenga ndi makutu amachepa, poti ena salira, ena mukawadina sabwerera mpaka muwakoke ndi chikhadabo. Kompyuta imakhulupirira kuti noti ya A ndi 440 Hz basi, ndipo sikambirana. Piyano yathu, chifukwa cha chinyezi cha dzinja ndi kutentha kwa Okutobala, inatsika kalekale n'kupeza A wakewake. Titaziliza pamodzi, agalu a abusa anayamba kuuwa.

"Achimwene, musadandaule," anatero mphwanga, n'kundiikira nyimbo za Nils Frahm wa ku Germany. Mu 2011 mkuluyu anatulutsa chimbale chotchedwa Felt. Anaika nsalu yokhuthala pakati pa tinyundo ndi zingwe za piyano kuti aziimba usiku osadzutsa anansi, maikolofoni n'kuwalowetsa m'kati mwenimweni. Kukwekwesa kwa matabwa ndi kupuma kwake zonse zinalowa m'nyimbo, anthu n'kumati ndi luso. Ndinasangalala. Phokoso lotero ife timalipeza ulere! Ndinapachika chitenje cha mayi a kunyumba m'piyano (mpaka pano akuganiza kuti chinabedwa pachingwe), ndipo tinayamba kujambula. Maikolofoni anagwira mpando, chigayo cha kuseri, mayi wogulitsa masamba, ndi tambala wa aneba. Piyano inkamveka chapatali ngati ikupepesa.

Koma chondizunza chinali nthawi. Kwaya yathu ndi ya anthu achifundo: chala changa chikamasakasaka kiyi, amakoka mawu kundidikira. Kompyuta sidziwa ulemu. Imangoti tiki tiki, ine ndikafika pa kodi yachiwiri iyo yafika kale pa kolasi. Wopeka nyimbo Mario Davidovsky anapata mphoto ya Pulitzer mu 1971 ndi Synchronisms No. 6, nyimbo imene woimba piyano amayenda limodzi ndi mawu ojambuliratu pa tepi. Ine ndimati mphotoyo akanaigawa pakati, theka lipite kwa amene anatuluka thukuta kuthamangitsana ndi tepiyo.

Mphwanga anandionetsanso Ólafur Arnalds wa ku Iceland, amene akadina kiyi, piyano zina ziwiri zimayankha zokha popanda wozikhudza. Ndinamuuza kuti zimenezo tisayese. Makiyi atangoyenda okha m'tchalitchi mwathu, akulu a mpingo angandiitanire bwalo tsiku lomwelo.

Nyimbo inatha ndithu. Mphwanga anakhala nayo usiku wonse "akuikonza", ndipo m'mawa piyano inkamveka bwino zedi, yoyera, yosaphonya. Nditafunsa chinsinsi, anayang'ana kumbali. Yanga anaifufuta yonse, n'kuikamo piyano ya m'kompyuta. Pa zonse tinajambula anasunga tambala yekha, akuti ndiye analowa pa nthawi yake. Aneba amva, ndipo akufuna gawo lawo.