Chikwama Changa Chothawira Dziko

Pansi pa bedi lathu pamakhala chikwama chamizeremizere, chija amabwera nacho anthu a ku Joni, cha zipi yoluma chala. Chimenecho ndi changa chothawira dziko. Mkati mwake mumakhala mathalauzi awiri, jekete yomwe ndinamangira ukwati, masipanala awiri, ndi kachithunzi ka pasipoti komwe ndinajambulitsa tsitsi lidakalipo. Ndale zikandifika pakhosi ndimachikoka, n'kuchikuntha fumbi, n'kulengeza pakhomo ponse kuti Malawi atsale bwino. Mayi a kunyumba anasiya kalekale kudzidzimuka. Amangoti, "Bambo, mukamapita musiye makiyi a njinga."

Ntchito yanga ndi yokonza njinga za akabaza pansi pa mtengo, kufupi ndi msika wa Mangochi. Pamtengo pamenepo ndi pomwe pali nyumba yathu ya malamulo. Timachotsa nduna tisanamwe tiyi, pofika masana tatsitsa mtengo wa feteleza, madzulo aliyense n'kubwerera kwawo kukadya nsima ya usipa wangongole.

Chikwamacho ndinachikoka koyamba mu May 2019, zotsatira za chisankho cha tipeksi chija zitatuluka. Ndinalumbira pamaso pa akabaza asanu ndi awiri kuti mwezi usanathe ndikhala ndikudya buledi wa ku Johannesburg. Mwezi unatha ndikumata machubu. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho chija, ine n'kumasula chikwama modzitukumula, ngati oweruza aja anaopa kuti ndichokadi. Mu June tinavotanso, ndipo ndinavina mpaka nsapato inasomphoka. Kenako kwacha inagwa mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Tayala la njinga linakwera mtengo ngati lasokedwa ndi ulusi wagolide. Ndinachikokanso. Nditatolera ndalama ya pasipoti, kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima, boma likunena kuti akathyali alowerera makompyuta. Ndalama ija tinagulira chimanga. Mu September 2025 tinabweza omwe tinawachotsa aja. Ine amene ndavinira mbali zonse ziwiri, n'kukwiyiranso mbali zonse ziwiri, ndinaona kuti kumanga ndi kumasula kukundithera nthawi. Ndinangochisiya chomanga.

Chinandilimbitsa mtima ndi nkhani yomwe ndinaimva mochedwa, monga ndimamvera nkhani zonse zabwino, yoti mu December 2018 aphungu anasintha lamulo la unzika la 1966, ndipo Mmalawi atha kukhala nzika ya mayiko awiri. M'mutu mwanga ndinaona ngati boma likugawa mayiko monga limagawira makuponi: ukaima pamzere, utchula dzina, akupatsa lako. Ndinasankhiratu Canada, chifukwa ndinamva kuti kumeneko kulibe dzuwa la Mangochi la mwezi wa October, lija limasungunula ndi guluu womatira machubu yemwe.

Ndinakawauza aphunzitsi ena opuma pantchito omwe timasewera nawo bawo. Anavula magalasi n'kundiyang'ana monga ankayang'anira ana obwereza Sitandade 5.

"Amisiri, lamulolo silikugawa mayiko. Likungonena kuti dziko lina likakulandirani, Malawi sakutayani. Kale mwana wobadwa ndi unzika wa mayiko awiri akakwana zaka 21 ankayenera kutaya umodzi. Lero atha kusunga wonse. Koma dziko lachiwirilo liyambe lakufunani."

"Nanga ine likundifuna ndi liti, aphunzitsi?"

Anayang'ana pabawo nthawi yaitali, kenako n'kundidya mzere wonse wakutsogolo.

Pofuna kudzipepesa ndinati chomwe ndikuthawa kwenikweni ndi msonkho. Sopo msonkho, shuga msonkho, mayunitsi msonkho, ndipo pamtengo pomwe ndimakhalapo, mtengo umene sindinaubzale ine kapena khonsolo, m'mawa uliwonse pamafika munthu wa tikiti. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Anati msonkho uli ndi miyendo yaitali kuposa yanga. Mwamerika, ngakhale atasamukira ku Cape Maclear n'kumawotcha chambo moyo wake wonse, boma lake limafunabe kuti chaka ndi chaka alembe zonse zomwe wapeza. Dziko la Eritrea limatenga 2 peresenti kwa nzika zake zokhala kunja. Anandikumbutsanso kuti tauni yathu ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, mzungu yemwe anabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Azigogo athu ankathawira ku migodi ya Joni ndi Halale kukasaka ndalama yodzalipirira msonkho womwewo umene unawathamangitsa. Pambuyo pake kunadza Wenela, kunadza Theba. Zaka zoposa 100 tikuthawa, msonkho sunapumepo wefuwefu.

"Koma Malawi satsatira nzika zake kunja ndi msonkho," ndinatero, pofuna kuwinako kamodzi.

"Safunika kutero," anatero aphunzitsi. "Ntchito imeneyo anakusiyirani inu achibale."

Sindinamvetse, ndiye usiku ndinaimbira mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, yemwe amasoka zovala m'shopu ina ku Johannesburg. Kunena zoona, sindinaimbe. Ndinangoflasha, iye n'kuimba.

Nditamufotokozera maganizo anga anakhala chete, moti ndinkamva makina osokera akulira kumbuyo. Kenako anati, "Alamu, msonkho mukuuthawawo uli ndi nambala yanga. Kuno pafupifupi chilichonse ndikagula ndimalipira 15 peresenti ya eni dziko. Chipinda timagona anthu asanu, mosinthana ngati alonda. Ndikaona galimoto ya apolisi mtima umathamangira ku Lindela ine ndisanafike. Mu 2015 anzanga anabwerera kumudzi pa mabasi a boma atangonyamula jumbo. Tsono ikafika pa 25, foni imayamba. Amayi malata. Achemwali fizi. Kumzikiti simenti. Maliro a munthu yemwe sindinamuonepo, nsalu. Ndikatumiza pa Mukuru, zikomo wake ndi woti yachepa. Voti ndilibe kuno, ndipo kwathu sindingavote ndili kuno. Ndikachedwa mwezi umodzi mumati ndasanduka mtchona."

Ndinamumvera chisoni kwambiri. Ndinamuuza kuti achibale ena alibe manyazi.

"Alamu," anatero, "pa okhometsa msonkho onsewo, wamkulu ndinu. Ena amangopempha. Inu mumayamba ndi kundifotokozera ndale kwa mphindi makumi awiri pa mayunitsi anga."

Ndinakhumudwa ndithu. Koma poti tinali titalumikizana kale, ndinaona kuti n'kutaya mwayi kudula foni osatchula za ndalama ya basi.

Ndalama sinabwere, koma mwamuna akalumbira walumbira. Loweruka lina ndinanyamula chikwama changa, n'kutuluka pakhomo osacheuka. Ndinati ngati Joni watalika, Mozambique ali pakhomo. Ndinakwera matola, tinakwera phiri lija la makona ochititsa chizungulire, tinadutsa Namwera, mpaka pa Chiponde. Ndinatenga kachiphaso kodutsira, n'kukwera njinga yamoto kulowa Mandimba. Nditatsika ndinapuma mpweya wakunja. Unali fumbi lomwelija.

Ndinalowa m'kanyumba kodyera n'kuitanitsa nsima. Inabwera nsima. Ndinayembekeza kumva Chipwitikizi chokhachokha, koma mayi wogulitsa anandilonjera m'Chiyao chomwe ndimachimva tsiku ndi tsiku kwa apongozi anga. Nditatulutsa makwacha anga kuti ndisinthe, mnyamata wosintha ndalama anandipatsa timapepala ta metikashi tochepa moti ndinamufunsa ngati ena wagwetsa. Pambali panga panakhala bambo wina wa komweko. Atadziwa kuti ndine Mmalawi, anayamba kundidandaulira za ndale zakwawo, za chisankho chawo cha 2024 ndi zipolowe zomwe zinatsatira. Pomaliza anandinong'oneza kuti zikapitirira chonchi, iye asamukira ku Mangochi. Chikwama, anati, anamanga kale.

Ndili mkati mosinkhasinkha, foni inalira. Anali mayi a kunyumba. Mtima unagunda, ndinati ayamba kundisowa. "Bambo, poti muli komweko, mugule mafuta ophikira ndi chitenje chimodzi. Musachedwe, matola amatha msanga."

Kusamuka kwanga kunatenga maola anayi ndi theka. Ndinafika pakhomo dzuwa likulowa m'mapiri, chikwama chili pamutu, chigubu cha mafuta kumanja. Ana anandilandira ngati wochokera ku Joni, koma atasegula chikwama n'kupeza masipanala, anabwerera kukasewera.

Usiku umenewo ndinadandaula kuti ndine munthu watsoka: anzanga ali ndi mayiko awiri, ine ndi limodzi lomwe likundikana. Mayi a kunyumba anaika mbale pansi.

"Bambo, kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Nanga pano muli pati?"

"Kwanu."

"Zaka zingati?"

Ndinawerenga pa zala mpaka zinatha, n'kubwerezanso zina. Apa m'pamene maso anga anatseguka. Ine ndine mkamwini. Ndinasamuka kalekale, popanda pasipoti, n'kudzamanga pa dothi la eni ake kuno kutsidya kwa Shire, njira ya ku Malindi. M'mawa uliwonse ndimawoloka malire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Unzika wa mayiko awiri umene aphungu anauvomereza mu 2018, makolo athu anauyamba Harry Johnston asanabadwe.

Ndipo misonkho yake ndimalipira mbali zonse mosaphonya. Kuno denga la apongozi likadontha, ndi langa. Munda wawo ukamera udzu, khasu ndi langa. Ku Dedza nako ndine malume, mwini mbumba: ana a mlongo wanga akathamangitsidwa kusukulu, foni imalira kwa ine, akadwala imalira kwa ine, mbuzi yawo ikadya chimanga cha eni imaliranso kwa ine. Ine amene ndimaflasha wa ku Joni uja, nanenso ndili nawo ondiflasha. Tonse ndife mtchona wa winawake.

Za voti ndiye musanene. Kuno mbumba ikakhala pansi kukambirana za malo, ine amandituma kukabwereka mipando, ndikabwera nayo nkhani yatha. Ku Dedza ndikati ndiyankhulepo amati, "Inu a kunyanja, za kuno mukuzidziwa?" Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndavumbwa zaka zonsezi ndikuyesa thukuta la Mangochi.

Ndinafunsa mayi a kunyumba ngati lamulo la pakhomo pano limalola munthu kutaya unzika umodzi. Anati limalola ndithu, ndipo silichedwa ngati la boma: mkamwini amachoka ndi bulangete lake, nyumba ndi ana n'kutsala. Ndinati ndimangofunsa.

Tsiku lotsatira ndinakawafotokozera aphunzitsi zonsezi. Anati ndayamba kukhwima nzeru, ngakhale mochedwa, ndipo anandidyanso mzere wakutsogolo. Akabaza aja amandifunsabe kuti buledi wa ku Johannesburg akukoma bwanji. Ndimawayankha kuti wofunsa zambiri chubu chake ndimata mawa.

Sabata yatha nkhani za pa wailesi zinandikwiyitsanso. Ndinagwada, n'kupisa dzanja pansi pa bedi. Fumbi lokhalokha. Mathalauzi anga, jekete ndi masipanala zinali pampando, zopindidwa bwinobwino, kachithunzi ka tsitsi kaja kali pamwamba.

"Chikwama changa chili kuti?"

"Mlongo wanu anaimba kuti ndiwo zavuta," anatero mayi a kunyumba osatembenuka n'komwe. "Ndadzazamo usipa, ndapatsira wa minibasi. Pano chiyenera kuti chadutsa pa Golomoti."

Chikwama chasamuka. Mwini wake ndidakali pansi pa mtengo, ndipo munthu wa tikiti uja ndikumuona akubwera apo.