Wezulo Wam'bandakucha

Munthu amene anathyoka mkono usiku umenewo ndi mlimi wa tomato wa mudzi woyandikana nafe, ndipo amene ndinamuitanira zibongazo ndine.

Anandisankha kukhala wapampando wa gulu la chitetezo cha m'mudzi chaka chimene mbava zinatimaliza mbuzi m'makola. Sikuti ndinali ndi nzeru kuposa anzanga. Ndinali ndi njinga, foni ndi mawu omveka kutsidya kwa dambo. Posakhalitsa kunabwera uthenga woti apampando onse a m'dera la mfumu yathu yaikulu tipite ku boma tikaphunzire utsogoleri.

Amene ankatiphunzitsa anali mayi wina wapolisi, wosakweza mawu. Anatikumbutsa kuti m'nthawi ya chipani chimodzi anthu ankathawa akaona galimoto ya polisi, ndipo ntchito yoti apolisi ndi anthu a m'midzi azithandizana pa chitetezo inayamba mu 1997 pofuna kuchotsa mantha amenewo. Lamulo la apolisi la 2010 linadzaikhazika m'buku. Anati wapolisi amatha miyezi ku sukulu ya polisi ku Limbe kapena ku Mtakataka asanavale yunifolomu, ndipo akuluakulu awo amakasulidwanso ku koleji ya apolisi ku Zomba, pamene ife timangopatsidwa masiku owerengeka.

"Inu atcheya mulibe mfuti, mulibe unyolo," anatero. "Koma mukakuwa, mudzi wonse umadzuka. Zimenezo ine sindingathe."

Anatiwerengera gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino: munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Ife anthu wamba tikagwira woganiziridwa, ntchito yathu ndi kumpereka ku polisi msanga, ali wamoyo ndiponso wosavulala. Za ulonda wa usiku anati mtsogoleri aziyenda patsogolo, aziyamba ndiye kulankhula, ndipo gulu lizidzitchula lisanafunse munthu dzina. Zonsezi ndinalemba bwinobwino m'kope.

Tsiku lomaliza anatipatsa ndalama za mayendedwe nthawi ya nkhomaliro. Kumwamba kunali kutada, ndipo mtsinje wa kwathu ukadzaza munthu umagona kutsidya. Ndinaona pa bolodi kuti masana kwatsala phunziro la vakabu ndi la kukhazika pansi khamu lokwiya. Ndinanong'oneza mnzanga kuti adzandiuza, n'kutuluka mwakachetechete. Mvulayo sinagwe n'komwe, ndipo mnzangayo sindinamufunse.

Nditafika kumudzi ndinkafunitsitsa kuti anthu aone kuti ku boma sindinapitire mpunga wokha. Ndinalamula kuti aliyense wopezeka akuyenda nthawi ikapitirira 10 koloko usiku ndi wavakabu, aimitsidwe. Pa ndalama zimene anthu anasonkha ndinagulira mnyamata aliyense wezulo. Malaya owala a achitetezo tinalandira ochepa, ndiye ndinawasunga m'sutikesi kuti asathe msanga. Usiku ndinkavala ndekha.

Tsiku latsokalo tinali titazungulira usiku wonse osaona kanthu. Cha m'ma 4 koloko mabatire a tochi yanga anatha, ndipo ndinatsalira m'mbuyo ndikuwagogoda pamwala. Anyamata anapitirira. Pa mphambano anakumana ndi munthu akukankha njinga, pakaliyala pali dengu lalikulu lokutidwa ndi chiguduli. Anamuwalitsa m'maso n'kumukuwira kuti aime. Ganizirani munthuyo: mdima, anthu osadziwika, zibonga m'manja, palibe wovala chizindikiro, palibe wonena kuti ndife achitetezo. Anaponya njinga n'kuliyatsa liwiro cha kudimba.

Ine ndinangomva mapazi ndi mawu akuti "Uyo! Uyo!" Sindinaone munthu, sindinaone katundu. Ndinaika wezulo pakamwa n'kuliza ndi mphamvu zanga zonse. Anyamata onse analizanso awo. Zitseko zinayamba kutseguka, agalu kuuwa, ndipo mawu akuti "Wakuba!" anachoka nyumba ina kupita ina popanda wodziwa amene wawayamba. Pothamangira kumeneko mumdima ndinagwera mu ngalande, bondo n'kubinya. Pamene ndinkadzikoka ndikutsimphina, anthu anali atamupeza kale m'chimanga.

Amene anamupulumutsa ndi gogo wina wa m'mudzi mwathu amene sanapiteko ku maphunziro alionse. Anapyola pakati pa amuna okwiyawo, n'kudzigwetsa pamwamba pa munthuyo, akukuwa kuti, "Yambani mwapha ine! Mwamufunsa kuti ndi mwana wa yani?" Zibonga zinaima. Wina atawalitsa kumaso, ambiri tinamuzindikira. Ndi bambo amene timagula tomato wake pa tsiku la msika. Ankalawirira kuti akapeze malo abwino oyala malonda. Dengu lija tinalipeza pa mphambano, tomato ataphwanyika, madzi ake akuyenderera m'masipoko a njinga.

Tinamutengera ku polisi kukatenga kalata ya kuchipatala. Kunja kutacha, amene anatulukira pa kauntala anali mayi wapolisi wotiphunzitsa uja. Anandiyang'ana bondo, nayang'ana malaya anga owala, kenako anyamata anga osavala kanthu kowazindikiritsa.

"Atcheya, analiza wezulo ndani?"

"Ndine, bwana."

"Munaona chiyani?"

"Palibe, bwana. Ndinangomva."

"Nanga munamuimitsiranji?"

Nditatchula vakabu, anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza zimene anzanga anamva masana aja ine ndili pa njinga. Mu 2015 apolisi anamanga Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, akupita ku Limbe m'bandakucha kukachita malonda ake. Iye anakadandaula kukhoti, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene ankamangira anthu pa vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyenda usiku pakokha si mlandu. Lamulo limene ndinkalondera nalo mudzi wanga linali litafa kale, ndipo ngakhale lili moyo silinali langa. Anandiuzanso kuti pa phunziro lomwelo anatsindika zoti wezulo azigwira munthu mmodzi, azilizidwa pokhapokha mwaona ndi maso, ndipo woliza akhale woyamba kufika pamene pali woganiziridwayo, chifukwa khamu waliitana ndi iye.

Amene anamenya anayankha mlandu wawo. Ine anandilemba sitetimenti n'kundiuza kuti ndizipita, koma kumudzi kunali bwalo. Mafumu a midzi iwiri anakhala pansi, abale a wovulalayo mbali ina, ife mbali ina. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, mpaka za kuthawa phunziro kuja. Mkazi wake sanalankhule zambiri. Anangofunsa kuti dimba athirira ndani, popeza mkono wamanja uli mu pulasitala ndipo ana ndi aang'ono.

Anagamula kuti ndilipe dengu la tomato, ndikonzetse njinga, ndiponso ndizithirira dimbalo mpaka mwini wake atachira. Ndinagulitsa mbuzi imene mbava zinandisiyira. Udindo ndinatula pomwepo, ndipo mawezulo ndinatolera n'kuwapereka kwa amfumu pamodzi ndi malaya a m'sutikesi aja. Wapampando watsopano ataitanidwa ku maphunziro otsatira, ndinamupempha kuti ndimuperekeze pa njinga yanga, ndipo aphunzitsi anandilola kukhala kumbuyo mpaka phunziro lomaliza. Mkono wa bambo uja unalumikizana, koma suwongoka bwino, moti ndowa yodzaza sanyamula. Nyengo yothirira ikafika ndimapitabe kudimba kwake, ngakhale chigamulo cha amfumu chinatha kalekale.