Chigumu cha Magetsi

Titagulitsa fodya ku Chinkhoma, mayi a kunyumba anati nafenso tilowe m'chitukuko. Tinagula uvuni wamagetsi. Unafika pa ngolo, utafunditsidwa chitenje ngati mkwatibwi.

Ine sindikudandaula ayi. Tsiku loyamba chigumu chinapserera pamwamba, m'kati muli phala. Mawa lake chinapsa mbali imodzi, inayo ikudikira nthawi yake. Kabuku ka malangizo kalipo, koma ngakhale kuno ku Mtunthama, kumene Chilatini ndi Chigiriki zinafika ndi Kamuzu Academy mu 1981, palibe watimasulira tizithunzi ta pa kabatani kaja. Ine munthu wodziwa chinyezi cha fodya m'chigafa pongokhudza tsamba, madigiri 180 a pa uvuni andigwetsa.

Tsiku lachitatu tinaudziwa mtima wake. Chigumu chitangoyamba kufufuma, magetsi anapita kokapuma. Sitingawanene, amayenda ulendo wautali kuchokera ku Shire. Mayi anangokoleza mbaula, makala pansi, ena pa chivundikiro.

Madzulo anansi anabwera kudzaona uvuni. Atadya, onse anagwirizana kuti chigumu cha magetsi chimakoma mwapadera. Ifenso tinavomera.