Ulemu kwa Chitsulo cha Simenti

Kuseri kwa nyumba yalendi imene ndinakuliramo ku Ndirande, pakati pa bafa la malata ndi mtengo wa mapeyala, kunkagona mfumu ina imene sinalongedwepo ufumu. Inali paipi ya madzi yotalika ngati munthu wamkulu, uku mutu wa simenti, ukunso mutu wa simenti. Tinkaitchula kuti chitsulo, ngakhale kuti chitsulo chenicheni pathupi pake chinali paipi yokhayo, nayonso yodyeka ndi dzimbiri. Lero ndati ndiombe m'manja pamaso pake, chifukwa akamatamandidwa anyamata adzitho, aja amalota za Mr Malawi, mwala umene unawaumba palibe amaukumbuka.

Pobadwa pake ndinalipo. Simenti inachokera pa nyumba ina imene inkamangidwa chapafupi, ndipo za mmene inachokerera tisakumbe. Mchenga tinakatapa ku Nasolo, miyala ya kwale tinatola m'mbali mwa msewu, zoumbira zinali ndowa ziwiri zobooka zimene amayi a nyumba yoyandikana nafe anali atazitaya. Kumapeto kwa paipi tinabowola n'kupisamo misomali ikuluikulu kuti konkire agwire. Vuto la mmisiri wa chitsulo chotere ndi lakuti sangaumbe mitu yonse iwiri tsiku limodzi. Amayamba umodzi, audikire uume, kenako atembenuze. Mutu woyamba unadya simenti mokhuta. Wachiwiri unapeza thumba litatsala pang'ono kutha, tinangoukhutitsa mchenga. Anakula ngati ana a mitala, wina wonenepa wina wonyentchera, koma olumikizidwa ndi bambo mmodzi. Amisiri omanga amati konkire azithiriridwa madzi ndipo amamuwerengera masiku 28 kuti akhwime. Ife tinapirira masiku anayi.

Ubwino woyamba wa mfumuyi ndi kusunga chinsinsi. Chitsulo chimene amanyamula ku mpikisano wa Olympics n'chamiseche. Mtanda wake wokha, wotalika mamita 2.2, umalemera makilogalamu 20 kwa amuna, pomwe wa akazi ndi 15, ndipo mbale zokoloweka kumapeto anazipaka mitundu kuti zizikuulula: yofiira ndi 25, yabuluu 20, yachikasu 15, yobiriwira 10. Mwana wodziwa kuphatikiza angathe kuima kutali n'kuuza anthu mphamvu zako zonse. Chathu ayi. Sichinalembedwe nambala, chinali chisanakwerepo sikelo, ndipo kulemera kwake kunkadalira amene akufunsa. Kwa mnyamata watsopano chinali 60. Atsikana akamadutsa popita kukatunga madzi chinali 80. Loweruka madzulo, nkhani ikafika pamalo omwera, chinkakwana 100 popanda wowonjezerapo ngakhale mchenga wodzaza dzanja. Pamene Lasha Talakhadze wa ku Georgia ananyamula makilogalamu 267 mu 2021 ku Tashkent, kuposa matumba asanu a chimanga, dziko lonse linadziwa polekezera mphamvu zake. Ife polekezera pathu sipanadziwike.

Wina asachiderere kuti ndi mwala chabe, chifukwa m'banja la onyamula zolemera mwala ndiye gogo, chitsulo ndi mdzukulu wadzana. Ku Olympia, m'dziko la Greece, akusunga mwala wa makilogalamu 143 ndi theka umene unalembedwa zaka zoposa 2,500 zapitazo kuti munthu wina dzina lake Bybon anaukweza ndi dzanja limodzi kupitirira mutu wake. Dzanja limodzi! Ndikamaganiza za mawu amenewo ndimamva fungo la kwathu. Bybon akanabwera kuseri kwa nyumba yathu sakanasowa anzake ocheza nawo.

Agiriki omwewo ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wogwetsana amene anapambana kasanu ndi kamodzi ku Olympics wakale. Amati anayamba kusenza thole tsiku ndi tsiku, thole likukula nayenso mphamvu zikukula, mpaka anadzasenza ng'ombe yaikulu. Nzeru yonse ya masewerawa ili pamenepo: thupi limazolowera katundu, ndiye uziwonjezera pang'ono lisanatope nawe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma apa mfumu yathu inaonetsa kuti siyendera malamulo a munthu. Ng'ombe ya Milo inkakula, chitsulo chathu chinkachepa, poti ulendo uliwonse tikachiponya pansi chinkabenthuka kachidutswa. Mnyamata ankadzuka tsiku lina n'kuona kuti akuchikweza mosavuta, n'kumadziguguda pachifuwa kuti mphamvu zabwera, osadziwa kuti mfumu yamuchotserako msonkho. Ndi mphunzitsi uti wina amene amadzichepetsa yekha kuti wophunzira asagwe mphwayi? Tikafuna kuwonjezera tinkamangirira njerwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo njerwazo zinkalendewera pamwamba pa nkhope ya wogona pabenchi ngati mlandu wosazengedwa.

Wamkulu wa pamalopo tinkangomutchula kuti Kochi. Usiku ankalondera pakhomo la malo ena omwera mowa, masana ankalondera ife. Lamulo lake linali maulendo atatu, ulendo uliwonse kukweza kakhumi. Patapita zaka ndinadzawerenga kuti ndondomeko imeneyi anaitchukitsa Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, m'zaka za m'ma 1940, pofuna kubwezeretsa mphamvu m'miyendo ya asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kochi sanamvepo za DeLorme, koma anamuposa pa masamu. Ankaima kumutu kwako, thukuta lake likudonthera pamphumi pako, n'kumawerenga: "Seveni! Eyiti! Naini! Naini! Naini, aise, imeneyo sindinaione! Teni! Ziwiri zomaliza!" Ukati "Bigi, landirani," iye ankaika zala ziwiri pansi pa paipi n'kumati, "Ndagwira, kankha," chonsecho sanagwire kanthu.

Nanga za kupendekeka kwake ndinene chiyani? Mtanda wa ku mpikisano uli ndi mapeto ozungulira okha, kuti mbale zikamatembenuka zisapotokole mkono wa wonyamula. Mfumu yathu inkaona zimenezo ngati kulera ana molekerera. Inali youma gwa, mutu wina ukukokera pansi, paipi itapindika pang'ono pakati, moti ukaigwira molakwika inkadzitembenuza yokha m'manja n'kukusenda zikhatho. Aliyense ankayenera kudziwa pogwira pake, ndipo tinkachita kusunthira dzanja lamanja kufupi ndi mutu wonenepa uja. Amene ankaiwala kusinthanitsa mbali ankadziwika poyenda: phewa limodzi m'mwamba, lina m'munsi, ngati munthu amene akufunsa funso losatha.

Mphatso yake yaikulu inkafika mochedwa. Tsiku loyamba unkachoka pamalopo uli wonyada, mikono itafufuma, ukuyenda motangadza ngati wapana mavwende m'khwapa. M'mawa mwake unkamva kuti china chake chalakwika. Tsiku lachiwiri ndiye mfumu inkatumiza amithenga ake onse. Kuvula malaya inkakhala ntchito ya anthu awiri. Kupesa tsitsi kunkafuna kuti mutu utsikire ku chipeso, poti chipeso sichikanakwera. Kochi ankati ndi asidi waundana m'minofu, ndipo ambiri amakhulupirirabe zimenezo, koma asidi amene amamunamizirayo amakhala atachoka m'thupi pasanathe maola awiri. Ululu wobwera mochedwawu umachokera ku timabala ting'onoting'ono m'minofu, makamaka potsitsa katundu osati pokweza, ndipo umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Kudziwa zimenezi sikuthandiza kanthu pamene wanyamula ndi miyendo dzana, ndipo lero waima m'chimbudzi chokumba, ukuyang'ana pansi, ukuwerengera mtunda umene uyenera kutsika ndi kukweranso popanda chogwirira. Kumeneko anthu osapemphera amaphunzira kupemphera. Walira mvula walira matope.

Mwina n'chifukwa chake miyendo tinkaipatsa ulemu wa apongozi, kuilonjera patali. Panalibenso poikapo chitsulo kuti munthu alowe pansi n'kuchisenza pamapewa. Ankachita kukusenzetsa anthu awiri, ndipo pofuna kutula unkapeza onse akuyang'ana kumsewu. Komanso galasi lathu, chibenthu cha galasi la wadiropu chimene tinakhomera pamtengo wa mapeyala, linkaonetsa kuyambira mumchombo kupita kumwamba. Chimene galasi silikuona, mnyamata sachilima. Tinatuluka pamenepo anthu a maonekedwe a ndowa, kumwamba kotakata kumunsi kowonda, zifuwa za njati pa miyendo ya kakowa. Buluku linkasunga chinsinsi, koma tsiku lochapa tinkakhala m'nyumba.

Sichinkalipiritsa kanthu, ndipo pa ichi chiyenera kutamandidwa ndi mawu okweza, chifukwa malo olimbitsira thupi a m'tauni, aja a magalasi khoma lonse ndi nyimbo, amafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Chathu chinkangotumiza ngongole yake kukhitchini. Minofu simakula pamene ukunyamula, imakula ukadya ndi kugona, ndipo imafuna zakudya zomanga thupi: mazira, nyemba, bonya, chiponde, masoya pisi. Ife tinali ndi nsima yambiri ndi ndiwo zowerengeka, choncho tinkawonjezera chimene chinalipo. Mitanda itatu inasanduka isanu. Ufa wa mwezi unayamba kutha pa 20.

Amayi anga sankaidziwa mfumuyi ngati mfumu. Tsiku lina anandipeza ndili chagada, mano ali gwa, misempha ya m'khosi itatuluka.

"Iwe, mwala umenewu ukupita nawo kuti?"

"Sukupita kulikonse, amayi. Ndi masewera olimbitsa thupi."

"Ndiye ukaunyamula uutulanso pomwe wautengapo?"

"Eya."

"Ndowa ili apoyo. Iyo ndiye ili ndi kopita."

Ndowayo inali ya malita 20, kutanthauza makilogalamu 20 a madzi, ofanana ndendende ndi mtanda wa amuna wa ku Olympics. Ankaisenza pamutu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, kukwera nayo chitunda, nthawi zina mwana wa mlongo wanga ali kumbuyo, popanda wowawerengera kapena wowauza kuti ziwiri zomaliza. Mu 1986 ofufuza anayeza amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ku Kenya n'kupeza kuti amatha kusenza pamutu katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo osawononga mphamvu zowonjezera. Ndinayesapo ndowayo kamodzi. Theka la madzi linathera m'malaya, khosi linauma masiku atatu. Koma taonani ulemerero wa chitsulo chathu: ndowa imanyamulidwa chifukwa anthu akufuna madzi, thumba la simenti la makilogalamu 50 limanyamulidwa chifukwa waganyu akufuna ndalama, pomwe icho chinkanyamulidwa popanda chifukwa chilichonse. Mafumu okha ndi amene amanyamulidwa choncho. Ndipo anyamata amene tinkathawa kutsitsa matumba pa golosale, ati msana, tinkaima pamzere kudikira nthawi yathu yoti tiswe msana womwewo mwaulere.

Chinandisiyira chidindo. Madzulo ena ndikuchitula, chibenthu chachikulu ngati chibakera chinasweka ku mutu wamchenga uja n'kugwera pa chala chachikulu cha phazi langa lamanzere, ndili ndi patapata. Chikhadabo chinada, chinazuka, chinameranso chokhota, ndipo mpaka lero chimanditsogolera pogula nsapato. Kochi anayang'ana chalacho, anayang'ana chitsulo, n'kufunsa kuti, "Wachiswa bwanji?"

Ndiyenera kunenanso, mwina motsitsa mawu, kuti pa anyamata amene tinkasonkhana pamenepo panalibe wa pantchito yokhazikika. Ena anali atalemba Fomu 4 n'kumadikira chosadziwika. Tsiku linkatalika kwambiri, ndipo kunsi kwa msewu kunali kachasu wotchipa. Faivi koloko ikakwana tinali ndi kopita, ndipo kumeneko chinthu chimodzi chinkayankha khama la munthu mosakondera: ukalimbikira miyezi itatu, malaya ankayamba kuthina m'mapewa. Makalata ofunsira ntchito sankayankha choncho.

Akuba sankachifuna. Chinkagona panja mvula ndi dzuwa, osamangidwa unyolo. Ogula zitsulo zakale, amene sasiya ngakhale poto wobooka, ankachiyang'ana n'kupitirira, poti kuti apeze paipi ya ndalama zochepa anayenera kuswa konkire tsiku lonse.

Kamodzi kokha tinachilakwira. Kunabuka mkangano ndi anyamata a kutsidya, amene ankati chawo n'cholemera kuposa chathu, ndipo tinagwirizana zokachiyeza. Inali nyengo yokolola, venda wina wogula chimanga anali atapachika sikelo yake pamtengo pafupi ndi msika. Tinachinyamula anthu awiri, ana akutitsatira pambuyo ngati tikuperekeza mkwati. Tinachikulunga m'chiguduli, tinakoloweka pa ngowe, muvi unanjenjemera n'kuima pa 47. Onse tinangoti zii. Zaka zitatu za 80 ndi 100 zinali zisanakwane ngakhale thumba limodzi la chimanga.

Kochi anayandikira, anagogoda galasi la sikeloyo ndi chala, anayang'ana venda uja kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene," anatero, "alimi mukuwabera chonchi?"

Venda anatsegula pakamwa, anayang'ana mikono ya Kochi, n'kutsekanso. Tinachitsitsa mwaulemu n'kubwerera nacho kuseri kwa nyumba, ndipo madzulo omwewo chinali 80.